Vinyo woyera wa ku Germany: zimene tsamba lobiriwira la pa botolo limalonjeza

BEDFORDVIEW, South Africa – Bedfordview, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg, si dera la minda ya mpesa. Ndi dera la nyumba za mipanda italiitali, misewu ikuluikulu yomwe imakumana pa Gillooly's, ndi malo odyera ambirimbiri. Mabanja ochokera ku Portugal, Italy ndi Greece omwe anakhazikika m'dera lino la khonsolo ya Ekurhuleni anabwera ndi chizolowezi choika vinyo pa tebulo monga momwe ife timaikira ndiwo. Ena mwa anthu omwe amatsegula mabotolowo ndi kuthirira alendo ndi ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique.

Vinyo wambiri yemwe amamwedwa kuno ndi wa m'chigawo cha Western Cape. Koma apo ndi apo, pa mndandanda wa zakumwa kapena m'sitolo ya vinyo, pamapezeka botolo lalitali, lowonda, lopanda mapewa, lochokera ku Germany. Kawirikawiri mtengo wake umaposa wa vinyo woyera wamba wa ku Cape. Mabotolo ena otere amakhala ndi kachizindikiro kumbuyo: nyenyezi 12 zoyera zondandalikidwa ngati tsamba, pa malo obiriwira. Chizindikirochi ndi cha bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU, ndipo kuyambira mu Julayi 2010 chimayenera kuikidwa pa zakudya zonse zolongedzedwa m'mayikowo zomwe zikugulitsidwa ndi dzina loti organic.

Mlendo akafunsa tanthauzo la tsambali, yankho lofulumira limakhala loti vinyoyo ndi wopanda mankhwala. Yankholi ndi lolakwika, ndipo limabisa nkhani yeniyeni ya mabanja omwe amapanga vinyoyu.

Vuto limayambira pa mawu penipeni. Dzina loti vinyo tinabwereka kwa Apwitikizi, ndipo ambiri a ife mpesa ndi mphesa tinazimvera koyamba m'tchalitchi. Koma mawu oti organic, omwe Ajeremani amati Bio kapena Öko, alibe mnzake wokwanira m'Chichewa. Omasulira ena amati ulimi wachilengedwe, ngati kuti mpesa umangodzimerera monga masuku a m'thengo. Ena amati ulimi wosathira mankhwala, chonsecho m'chaka cha mvula yambiri mlimi wotereyu amapopera munda wake kawirikawiri kuposa mnzake wa ulimi wamba. M'nkhani ino tingowasiya mawuwo momwe alili.

Minda yopendekera ku dzuwa

Dziko la Germany lili ndi mahekitala pafupifupi 103,000 a mpesa m'zigawo 13, zambiri mwa izo m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ndi mitsinje yothira mmenemo monga Mosel, Nahe ndi Main. Magawo awiri mwa atatu a mindayi ndi a mphesa za vinyo woyera. Mtundu wotchuka kwambiri ndi Riesling, womwe uli pa mahekitala pafupifupi 24,000, ndipo palibe dziko lina lomwe limalima mtunduwu koposa apa. Dzina lake likupezeka m'kaundula wa ndalama wa pa 13 Malichi 1435 ku Rüsselsheim, mmene munalembedwa za kugula mbande zake.

Maderawa ali kumpoto kwenikweni, kumene mpesa umapsa movutikira chifukwa cha kuzizira. N'chifukwa chake makolo akale anadzala pa mapiri opendekera kumwera, komwe dzuwa la kumeneko limawombera. Ku Mosel nthaka ndi ya miyala ya sileti, yonga yomwe ana a sukulu ankalembapo kale, ndipo miyalayi imasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku. Munda wa Calmont, pafupi ndi mudzi wa Bremm, ndi wotsetsereka mpaka madigiri oposa 60 m'malo ena. Thirakitala singayendemo. Kudulira, kumanga nthambi, kupalira ndi kukolola zonse ndi za manja, ndipo hekitala imodzi yotere imadya maola ochuluka kangapo kuposa ya pa chidikha.

Eni mindayi ambiri ndi mabanja. Kumwera chakumadzulo kwa dzikolo kunali mwambo wogawira ana onse munda wa makolo mofanana, kotero m'badwo uliwonse unkalandira kachigawo kochepera. Mlimi wa ku Chiradzulu kapena ku Thyolo safunika kumufotokozera zotsatira za mwambo wotere. Banja limodzi lingakhale ndi timinda makumi angapo tomwazikana m'phiri, kena ka mizere yowerengeka chabe. Mabanja ena amagulitsa mphesa zawo ku makopaletivi kapena ku makampani akuluakulu. Ena amafinya okha, kusunga vinyo m'zipinda za pansi pa nyumba, n'kumuthira m'mabotolo olembedwa dzina la banja. Nkhani ino ikunena za gulu lachiwirili.

Banja la Wittmann, m'mudzi wa Westhofen m'chigawo cha Rheinhessen, lakhala likulima mpesa kuyambira 1663, ndipo linalowa ulimi wa organic mu 1990. Famu ya Dr. Bürklin-Wolf ku Wachenheim, m'chigawo cha Pfalz, mbiri yake imayambira mu 1597. Ku Pünderich, m'mbali mwa Mosel, a Clemens Busch ndi akazi awo a Rita anayamba ulimiwu pakati pa zaka za m'ma 1980, pa munda wotsetsereka wa Marienburg. Oyambirira kuposa onsewa anali a banja la Sander ku Mettenheim, omwe anasiya kudalira feteleza ndi mankhwala atsopano m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomwe alangizi ndi alimi anzawo ankaona zinthuzo ngati chipulumutso.

Bungwe la alimi a mpesa a organic la ECOVIN linakhazikitsidwa mu 1985. M'chaka chomwecho kunaphulika nkhani yochititsa manyazi: vinyo wina wa ku Austria anapezeka atathiridwa mankhwala a diethylene glycol pofuna kuti azitsekemera, ndipo makampani ena a ku Germany anali atamusakaniza ndi wawo. Mbiri ya vinyo wa ku Germany inali itatsika kale chifukwa cha vinyo wotsekemera wotsika mtengo wa Liebfraumilch yemwe anadzaza masitolo a ku Britain. Mabanja omwe ankafuna kupulumutsa dzina lawo anayenera kusonyeza wogula kuti vinyo wawo akuchokera m'munda wodziwika, wolimidwa m'njira yomwe munthu wina angathe kuifufuza. Pofika 2023 minda ya organic inali itaposa mahekitala 15,000, pafupifupi magawo 15 pa 100 aliwonse a mpesa wonse wa m'dzikolo.

Chomwe lamulo limafuna, ndi matenda omwe salabadira lamulo

Mlimi wofuna chizindikiro cha tsamba amaletsedwa kugwiritsa ntchito feteleza wa m'fakitale, mankhwala opha udzu, ndi mankhwala opangidwa m'fakitale ophera tizilombo kapena matenda. Ayenera kutsatira malamulowa kwa zaka zitatu asanaloledwe kugulitsa vinyo wake ngati wa organic, ndipo m'zaka zimenezo amasenza ntchito yonse popanda mtengo wowonjezera. Chaka chilichonse woyendera wochokera ku bungwe lovomerezeka amabwera kudzaona munda, nkhokwe ya mankhwala ndi mabuku a zogula. Amene amalipira ulendowu ndi mlimi yemweyo.

Zina mwa zofunikazi si zachilendo kwa ife. Chonde chimachokera ku manyowa ndi ku mbewu za gulu la nyemba zomwe amadzala pakati pa mizere ya mpesa, monga momwe mlimi wa ku Ntcheu amadzalira nandolo m'chimanga. Udzu wa pansi pa mitengo amauchotsa ndi khasu kapena makina. Gulugufe yemwe mbozi zake zimaboola mphesa amamugonjetsa mochenjera: amapachika m'munda timapulasitiki totulutsa fungo la gulugufe wamkazi, ndipo wamwamuna amasokonezeka osapeza mnzake.

Mdani wamkulu ndi matenda awiri a masamba omwe anafika ku Ulaya kuchokera ku North America m'zaka za m'ma 1800. Oyamba, otchedwa Oidium, amakuta masamba ndi zipatso ngati phulusa, ndipo amagonja ndi sulufule. Achiwiri, otchedwa Peronospora, anaoneka ku France mu 1878, ndipo amafanana ndi chiwawu chomwe chimapsereza tomato ndi mbatata ya kachewere nthawi ya dzinja. Amakonda chinyezi ndi kafundidwe. Akagwira mpesa pa nthawi ya maluwa, mu Juni, timphesa timauma tisanakule ndipo zokolola za chaka chonse zimathera pomwepo. Mitundu yakale ya mpesa wa ku Ulaya, kuphatikizapo Riesling, ilibe mphamvu yodzitetezera ku matendawa.

Mlimi wamba ali ndi mankhwala olowa m'kati mwa tsamba, omwe amateteza ngakhale mvula itagwa. Mlimi wa organic chida chake chachikulu ndi kopa, mankhwala omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mpesa ku Bordeaux m'zaka za m'ma 1880. Kopa amangokhala pamwamba pa tsamba. Mvula ikagwa amakokoloka, ndipo tsamba lililonse latsopano limatuluka lopanda chitetezo. Choncho m'nyengo ya mvula mlimi amabwerera m'munda pafupifupi sabata iliyonse, nthawi zina nthaka ili yonyowa moti thirakitala imaterera kapena kuumbitsa dothi lomwe iye akuyesa kulisamala.

Kopayo naye ali ndi mlandu wake. Ndi chitsulo, saola, amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo akachuluka amapha nyongolotsi ndi tizamoyo tina ta m'dothi. Kuyambira 2019 malamulo a EU amalola makilogalamu 28 okha pa hekitala m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ku Germany malire a nthawi zonse ndi makilogalamu atatu pa hekitala pa chaka. Apa ndi pomwe ulimi wa organic umadzitsutsa wokha, ndipo alimi oona mtima sabisa zimenezi.

Mpaka 2013 alimiwa anali ndi chothandizira china, mchere wa potassium phosphonate, womwe ku Germany unkawerengedwa ngati cholimbitsa mbewu. Utalembedwa m'gulu la mankhwala ophera matenda, unachoka pa mndandanda wa zololedwa mu ulimi wa organic. Kenako kunabwera chaka cha 2016. Mvula inagwa mosalekeza mu Meyi ndi Juni, ndipo Peronospora inasesa minda ya ku Pfalz, Rheinhessen, Baden ndi Mosel. Mabanja ambiri anataya gawo lalikulu la zokolola, ndipo m'timinda tina simunatuluke kanthu. Aliyense anayenera kusankha: kupopera mankhwala oletsedwa, kupulumutsa mphesa koma kutaya chizindikiro, kapena kusunga chizindikiro n'kumaonerera mphesa zikuuma. Akuluakulu a ku Germany anapempha EU kuti ilolenso mcherewo koma pempholo silinavomerezedwe. Mayiko a kumwera kwa Ulaya, komwe chilimwe chimakhala chouma, vutoli silimawakhudza mofanana. Mvula yotere inabweranso mu 2021.

Kampani yaikulu ikaona kuti chaka chavuta imagula mphesa kwina. Banja lomwe lalemba pa botolo kuti mphesa ndi za m'munda mwake lilibe kothawira. Gawo lina la mtengo womwe mlendo wa ku Bedfordview amalipira ndi la zaka zoipa zimenezo.

Mabanja ena anapitirira pamenepa n'kulowa ulimi wotchedwa biodynamic, wochokera pa maphunziro omwe Rudolf Steiner anapereka mu 1924 ku Koberwitz. A Wittmann anayamba mu 2004, a Bürklin-Wolf anamaliza kusintha minda yawo yonse mu 2005. Mu ulimiwu amatenga nyanga ya ng'ombe, kuidzaza ndowe, kuikwirira nyengo yonse yozizira, kenako kusungunula zotsalazo m'madzi n'kuwaza m'munda, ndipo ntchito zina amazichita potsatira mwezi. Mlimi wa ku Dedza atachita zomwezi anthu angati wakhwimira munda. Asayansi sanapeze umboni wogwira mtima woti nyangayo payokha imasintha kanthu. Chomwe chili choonekeratu n'chakuti mabanja otere amayendera mpesa wawo pafupipafupi, amaona matenda msanga, ndipo ena mwa iwo amapanga vinyo yemwe ali m'gulu la wolemekezeka kwambiri m'dzikolo.

Kwa zaka zambiri lamulo linkathera pa chipata cha munda. Lamulo loyamba la ku Ulaya la 1991 linkangolola mawu oti vinyo wochokera ku mphesa za organic. Kuyambira mu 2012 malamulo analowanso m'chipinda chofulira, ndipo mpamene vinyo weniweniyo anayamba kutchedwa wa organic. Sulufule yemwe amateteza vinyo kuti asasase amaloledwabe, koma wocheperako: mamiligalamu 150 pa lita mu vinyo woyera wopanda shuga, poyerekeza ndi 200 mu vinyo wamba. Mowa womwe uli m'botolo ndi womwewo, ndipo chiwindi sichidziwa za tsamba lobiriwira.

Ubale wa Rhine ndi Cape

Vinyo wa ku Germany sapezeka wambiri kumwera kwa Africa. Dzikolo limapanga malita pakati pa 800 miliyoni ndi 900 miliyoni m'chaka chabwino, ndipo ambiri amamwedwa komweko. Malonda aakulu amayenda molowera kwina: Germany ndi umodzi mwa misika iwiri yaikulu ya vinyo wa ku South Africa, pamodzi ndi Britain. Mgwirizano wa zamalonda wa EU ndi mayiko ena a SADC, womwe unayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2016, unalola malita 110 miliyoni a vinyo wa ku South Africa kulowa ku Ulaya chaka chilichonse popanda msonkho.

Komabe luso la Ajeremani lili m'kapu iliyonse ya vinyo woyera wa ku Cape. Johann Graue, wochokera ku Germany, anagula famu ya Nederburg ku Paarl mu 1937 ndipo anali mmodzi mwa oyambitsa njira yofulula vinyo woyera pozizira, yomwe imasunga fungo la zipatso m'dziko lotentha. Günter Brözel, yemwe anafika pa famuyo mu 1956, anapitiriza ntchitoyi kwa zaka zoposa 30. Danie de Wet wa ku De Wetshof, ku Robertson, anakaphunzira ku sukulu ya vinyo ya Geisenheim m'mbali mwa Rhine.

Dzina loti Riesling lili ndi mbiri yosokoneza kuno. Kwa zaka zambiri vinyo yemwe ankagulitsidwa ndi dzinali ku South Africa anali wa mtundu wina wa ku France wotchedwa Crouchen, pomwe Riesling weniweni ankatchedwa Weisser Riesling kapena Rhine Riesling. Lamulo linakonza zimenezi kuyambira ndi zokolola za 2010. Lero botolo lolembedwa Riesling basi, monga la banja la Cluver ku Elgin, ndi la mtundu womwewo wa ku Mosel, pomwe Cape Riesling akadali Crouchen.

Pa nkhani ya organic, mlimi wa ku Cape ali ndi mwayi womwe mnzake wa ku Germany amaukhumbira. Mvula yambiri ya kumeneko imagwa m'nyengo yozizira, mpesa uli mtulo, ndipo chilimwe chimakhala chouma ndi champhepo. Johan Reyneke ku Stellenbosch ndi mmodzi mwa oyamba ulimi wa biodynamic m'dziko lino, ndipo famu ya Avondale ku Paarl imatumiza abakha m'mizere kukadya nkhono. Chomwe chinasowa ndi lamulo. Malamulo a boma okhudza dzina loti organic analembedwa koyambirira kwa zaka za m'ma 2000 koma anakhala osakhazikitsidwa, kotero alimi otumiza katundu kunja amadalira ziphaso za mabungwe a ku Ulaya monga Ecocert ndi Control Union. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana muyezo wawo mu 2007. Kuno kumwera, wogulitsa uchi wa ku Zambia kapena khofi wa ku Malawi yemwe akufuna msika wa organic wa ku Ulaya amayezedwa ndi lamulo lomwelo lomwe limayeza a Busch ku Pünderich, ndipo naye amalipira woyendera.

Tsambalo silinena chilichonse za malipiro a antchito. Mphesa za ku Germany zimakololedwa kwambiri ndi aganyu ochokera ku Romania ndi Poland. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali mayuro 8.50 pa ola pamene lamulo linayamba mu 2015, ndipo anafika 12.82 mu 2025, zomwe ndi zabwino kwa aganyu koma zolemera kwa mwini munda wa m'phiri. Ku Cape, komwe kale antchito ankalipidwa mbali ina ndi vinyo, nkhani ya malipiro inabutsa sitalaka yaikulu ku De Doorns mu 2012. Zimenezi zimafufuzidwa ndi zizindikiro zina monga Fairtrade.

Adzalandire munda ndani

Chiwerengero cha mafamu a mpesa ku Germany chatsika ndi kuposa theka kuchokera mu 1989, ngakhale kukula kwa minda yonse sikunasinthe kwenikweni. Ana ambiri safuna kulowa ntchito ya makolo, ndipo timinda totsetsereka, tomwe timatulutsa vinyo wokoma koposa, ndi tomwe timayamba kusiyidwa. Anthu a ku Germany achepetsa kumwa vinyo, ndipo mu 2024 ndi 2025 mtengo wa vinyo wogulitsidwa m'mathanki unatsika kufika pansi pa ndalama zomupangira. Mu Epulo 2024 chisanu chinapsereza mphukira ndi kuwononga gawo lalikulu la zokolola ku Sachsen ndi Saale-Unstrut.

Chiyembekezo cha ena chili pa mitundu yatsopano yopirira matenda, yomwe amaitcha PIWI, monga Johanniter, Solaris ndi Souvignier Gris, yomwe inapangidwa ku malo a kafukufuku a ku Freiburg pokwatitsa mpesa wa ku Ulaya ndi wa ku America ndi Asia. Imafuna kupopera kawiri kapena katatu pa chaka. Vuto lake ndi lomwe amalidziwa aliyense yemwe anayesapo kugulitsa ufa wa chimanga cha mtundu watsopano kwa anthu ozolowera cha makolo: wogula amafuna dzina lomwe amalidziwa. Ndipo banja lomwe lakhala likudziwika ndi Riesling kwa mibadwo ingapo silizula mpesa wake mopepuka.

Kwa woperekera zakumwa wa ku Bedfordview, zonsezi zimawerengeka pa botolo. Pafupi ndi tsamba pamakhala zilembo zoti DE-ÖKO ndi manambala atatu, zosonyeza bungwe lomwe linayendera famuyo. Mawu oti Gutsabfüllung kapena Erzeugerabfüllung amatanthauza kuti olima mphesa ndi omwenso anathira vinyo m'botolo. Chithunzi cha chiwombankhanga chokhala ndi phava la mphesa pa khosi la botolo ndi cha bungwe la VDP, lomwe linayamba mu 1910 ndipo lili ndi mafamu pafupifupi 200. Chimenechi chimanena za ulemerero wa famu, ndipo si chiphaso cha organic. Trocken ndi vinyo wosatsekemera, feinherb ndi wotsekemera pang'ono. Kabinett wa ku Mosel yemwe sanalembedwe trocken amakhala ndi kashuga kotsalira, kuwawasa kwakuthwa, ndi mowa wa mapelesenti 8 kapena 9 okha, pomwe vinyo woyera wa ku Cape amafika 13. Ameneyu ndi amene amayenda bwino ndi nkhuku yowotcha ya tsabola wa piripiri yomwe malo odyera a Chipwitikizi a m'dera lino amadziwika nayo.